Tulo ta a Ngozo ndi Mkamwini wa ku Kasinje

Loweruka lapitali kunali mwambo wa chiliza cha malume anga a Ngozo, kwathu kuno ku Mlangeni, ndipo amene anaimirira kunena mbiri yawo anali Sitefano. Pamaso ndimati alamu, ndimati inu, chifukwa anakwatira msuweni wanga Esinati, mwana wa malumewo. Papepala pano ndingoti Sitefano. Anavala jekete losoka yekha, n'kuyankhula mofatsa ngati akuyeza nsalu ya mkwatibwi, azimayi mpaka kupukuta m'maso. Ananena kumene malume anabadwira, mpingo wawo, ana awo, matenda awo. Sananame paliponse, ndipo n'zimene zikundiwawa. Ine amene ndinakulira pa ngolo ya munthuyo anandipatsa ntchito yonyamula mabenchi.

Ndiye ndati nanenso ndinene yanga, ngakhale palibe wandipempha.

Malume anali munthu wa ngolo. Kuyambira ndisanabadwe ankatuta mbatatesi m'minda ya anthu kupita nayo kumsewu waukulu, kumene malole a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaima. Anali aafupi, achifuwa chachikulu, ndi chipewa chaubweya chimene sankavula ngakhale mu Okutobala. Ng'ombe zawo zomaliza zinali Bulaki ndi Kaputeni, ndipo ankaziyankhula bwino kuposa momwe ankayankhulira anthu. Sankazimenya. Mkwapulo unali woopsezera agalu ndi ine. Ankati ng'ombe ukaimenya pokwera chitunda idzakukumbukira potsika. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, ndipo dzuwa likafika pamutu ankamasula goli paliponse pamene afika, n'kulowa pansi pa ngolo, chipewa kumaso. Mwini katundu kaya akufulumira bwanji, ankadikira. Wina wa ku Blantyre anayesa kuwadzutsa ndi hutala ya lole yake. Malume anatuluka, n'kutsitsa matumba ake onse pakati pa njira, n'kubwerera kukagona.

Nsanje anali nayo ndipo sankaibisa. Chaka china mbatatesi ya a Magombo, oyandikana nafe, inachita bwino kuposa yathu. Malume anayamba kudzera njira ya kudambo, yamatope, kuti asaone mundawo. Ngolo inkatitimira, ife n'kumakankha, iwo n'kumati bola matope kusiyana n'kuyamikira munthu wosadziwa kupalira. Anthu amati mtima wangawu ndinatengera kwa iwo. Mwina. Koma iwo akakwiya ankakhala chete n'kumakoka fodya wa m'mphuno, pamene ine ndikakwiya mudzi wonse umadziwa.

Ndinafika m'manja mwawo mayi atamwalira, sukulu nditaisiya mu Sitandade 6 chifukwa cha ndewu imene sindiifotokoza pano. Sanandifunse n'komwe. Anangondiponyera chingwe cha Bulaki n'kunena kuti amene walephera kumvera mphunzitsi ayese kumvera ng'ombe. Dzina langa ndi Yosefe, koma pa anthu ankati mphwanga, tikakhala awiri ankati Kamoto. Kwa iwo ndinaphunzira kumanga goli, kusoka thumba lodzaza mpaka kukamwa, ndi kusadandaula. Chachitatucho ankachibwereza kwambiri. Ankati mwamuna akafunsidwa m'mawa kuti wadzuka bwanji, yankho ndi limodzi, wadzuka. Zimene zachitika usiku n'za iye ndi mphasa yake. Dzino linawapwetekapo mpaka tsaya kutupa ngati dzungu, koma aliyense wowapatsa moni ankamva kuti adzuka.

Sitiroko inawapeza m'munda, nthawi yokumba, akumanga thumba. Ndinawabereka kumsana mpaka pamsewu. Atatuluka m'chipatala mbali ya kumanzere inali yakufa: mkono uli lende, mwendo ukukwekwereka, kamwa itapotoka moti mawu ankatuluka ngati akutafuna mbatata yotentha. Akazi awo anali atamwalira kale. Wowasambitsa ndinali ine. Wowanyamula kupita kuchimbudzi ndinali ine, chifukwa mwana wamkazi sangaone thupi la bambo ake, ndipo mkamwini ndiye sangayerekeze n'komwe. Ndikunena izi kuti mudziwe amene anagwira ntchito yolemera.

Chimene chinatisokoneza kwambiri sichinali mkono ayi, koma tulo. Usiku unasanduka usana. Kwathu kuno wodwala sakhala yekha. Kuyambira m'mawa anthu ankabwera kudzawazonda, amvano ndi nyimbo zawo, anzawo a ngolo, achibale ochokera kutali, ndipo aliyense akafika ankati agonekeni, wodwala asatope. Malume ankakhala chigonere pamphasa tsiku lonse, akuwodzera pakati pa mapemphero. Kukada, maso ali gwa. M'mawa ankakhala olefuka ndi aukali, phala ankalikankha, zolimbitsa thupi zimene anatiphunzitsa kuchipatala ankazikana. Koma ukawafunsa, adzuka.

Tsiku lobwerera kuchipatala tinapita nawo atatu: ine wowanyamula, Esinati, ndi Sitefano amene anangotsatira atagwira chikwama. Mayi wa mafizo, amene amawongola ziwalo, anawayang'ana malume n'kunena kuti munthu wosagona mkono wake suchira msanga, chifukwa mutu umadzikonza munthu ali m'tulo. Mapiritsi ogonetsa anati tiyambe taleka. Anati tigule kope, ndipo m'mawa uliwonse wina azilemba nthawi imene agona, kangati adzidzimuka, chimene chawadzutsa, nthawi imene adzuka, ngati anagona masana, zimene anadya ndi kumwa madzulo, ndi amene anacheza nawo. Anati tsiku limodzi silinena kanthu, koma masabata angapo akaikidwa pamodzi chovuta chimaoneka chokha. Kenako anafunsa kuti azilemba ndani.

Ndinatsegula pakamwa. Malume anandiyambirira.

"Uyu ayi," anatero, akundiloza ndi dzanja labwinolo. "Akagwira bolopeni pepala libooka. Alembe atelalawo."

Mayi uja anaseka. Esinati anaseka. Nanenso ndinaseka, koma sindinaiwale.

Kuti mumvetse, Sitefanoyu malume sankamufuna. Ndi wa ku Kasinje, kuchigwa, kwa alimi a mpunga. Atabwera kudzafunsira Esinati, malume anati munthu wokulira kotentha saona mwezi wa Juni kuno, chisanu chimuthamangitsa chokha. Ankati mpunga ndi chakudya chimene chimakutsanzika usanafike pakhomo, ndipo telala ndi mwamuna amene amapalasa tsiku lonse osafika kulikonse. Nthabwala zimenezi tinkaseka awiri pa ngolo. Sitefano sanathawe. Anamanga nyumba kuseri kwa ya malume, n'kuika makina ake pakhonde, ndipo zaka zonsezo sanakhalepo pamphasa imodzi ndi apongozi ake, sanadyepo nawo mbale imodzi, sanawayang'anepo m'maso. Akakumana panjira ankapatuka n'kunyonyomala, chipewa m'manja. Ndi mwambo, inde, koma iye ankaupyoza muyeso.

Ndiye kopelo analilemba bwanji, munthu wosalowa m'chipinda cha apongozi? Anatenga kampando n'kukakaika panja, pansi pa zenera la malume, msana kukhoma. Iwo mkati pabedi, iye kunja. Mizere anajambula ndi rula yake yoyezera nsalu. Malume za wotchi analibe nazo ntchito. Ankati anagona wailesi ya a Magombo isanazime, anadzidzimuka basi yausiku ikudutsa kumsewu, tulo tinabweranso tambala atalira kale, ndipo Sitefano ankasandutsa zimenezo manambala. Poyamba ndinkati n'zamasewera. Ndinkadutsa ndi ndowa ya madzi osamba n'kumuuza kuti alamu, musaiwale kulemba kuti aphwisa kangati. Ankangomwetulira n'kuti zikomo achimwene.

M'mawa wina ndikubwera ndi madziwo ndinaima kuseri kwa nkhokwe, iwo osandiona. Sitefano anafunsa mwaulemu wake uja kuti bambo, chinakudzutsani n'chiyani. Ndinadikira kuti amuuze kuti adzuka, alembe zimenezo. Koma mawu opotoka aja anatuluka pazenera.

"Mantha, atelala. Ndikatseka maso ndimaona ngati mbali inayi ifanso ndili m'tulo. Ndiye ndimautsina mwendo, kuti ndidziwe kuti ulipo."

Sitefano sanatembenuke. Analemba, n'kufunsa ngati phewa linawapweteka.

Ndinaima pamenepo mpaka madzi kuzirala. Munthu amene ndinkamupukuta thupi lonse, amene ndinkadziwa chipsera chake chilichonse, mantha ake anakauza mlendo. Nditalowa ndinafunsa kuti malume, mwadzuka bwanji. Anati adzuka, nanga ndimafuna afe? Khoma lija, limene mwambo unaika pakati pawo, ndilo linali mwayi wa Sitefano. Munthu amene sakukuyang'ana ungamuuze chilichonse. Ine ndinkawayang'ana m'maso, ndipo iwo ankaona mwana amene anamuphunzitsa okha kusadandaula.

Komabe ndinali ndi nthawi yanga, imene ndinkati palibe angandilande. Ngolo itaima ndinayamba ntchito yokweza matumba m'malole kumsewu. Dzuwa likalowa ndinkabwera ndi fulasiki ya tiyi wa kutiyirumu, wakuda bii, shuga wambiri, monga ankamukondera, ndi nkhani zonse za pamsika: amene wabera sikelo, amene wamenyana ndi kondakitala, ogula amene athamangira mbatatesi ya a Magombo. Malume ankatsamira khoma, maso akuwala, akutukwana anthu mmodzimmodzi. Nthawi zina ankayambitsa nyimbo ya ngoma, ya mawu achingoni amene ngakhale iwo sankadziwa tanthauzo lake, akumenya bedi ndi dzanja labwinolo. Pa unyamata wawo anali katswiri wa gule ameneyu, moti akulu a mpingo anawaimitsapo mgonero chifukwa chovina pa maliro a mnzawo atanyamula chishango. Iwo anayankha kuti Mulungu amene anapatsa Angoni miyendo sangadabwe kuiona ikuponda. Madzulo amenewo ndi pamene ndinkawaonanso malume enieni, ndipo tinkasiyana mudzi utagona kale.

Patapita masabata angapo Esinati ndi mwamuna wake anapita nalo kopelo kuchipatala. Ine ndinali kumsewu. Nditafika madzulo ndi fulasiki yanga ndinapeza Esinati ataima pakhomo ngati mlonda, Sitefano atanyonyomala chapatali akuyang'ana pansi, malume ali pampando pakhonde. Esinati anayamba kuzungulira nkhani. Akuti mayi uja wawerenga zonse. Akuti piritsi lina lokodzetsa azimwa m'mawa, osati madzulo. Akuti za mantha wakamba ndi iwo awiriwo ndipo adzakambanso ndi bambo eni ake. Akuti zazikulu ndi ziwiri: choyamba, kugona masana kuthe, alendo azibwera m'mawa ndipo aziwapeza atakhala tsonga. Chachiwiri, anatero, n'kuyamba kukonza chitenje chimene sichinamasuke.

"Chachiwiricho ndiwe, Kamoto," anatero malume. "Sabata ija unapita kumaliro ku Nsipe ndinagona ngati khanda. Ukabwera ndi tiyi wakoyo, tambala amandipeza ndikukangana ndi a Magombo m'mutu. Zalembedwa."

"Walemba ndani?"

"Wonena ndine. Iwo angolemba."

Sindikumbukira zonse zimene ndinayankhula. Ndikukumbukira kuti fulasiki inaswekera pamwala wa pakhonde, ndiponso kuti ndinamuuza Sitefano, osati inu koma iwe, kuti anabwera kuno ndi singano yokha, watenga mkazi, watenga malo, tsopano akufuna atenge ndi nkhalamba yomwe. Ndinati aimirire andiyankhe ngati mwamuna. Sanaimirire. Anati pepani achimwene, ine ndimalemba zimene ndauzidwa, ndipo kupepesako kunandipsetsa mtima kuposa mbama. Malume anadikira kuti ndimalize. Kenako anati fodya anamusiya, mchere anausiya, zonsezo ankazikonda, ndipo sanazisiye chifukwa chodana nazo. Anati akufuna adzafike kukhola ndi miyendo yawo asanafe.

"Ukufuna ndisankhe," anatero. "Ndasankha tulo."

Ndinasiya kupita madzulo. Kuwasambitsa sindinasiye, koma ndinkawasambitsa ngati ndikutsuka ngolo, osayankhula. M'mudzi namo munabuka mawu. Anthu obwezedwa pakhomo masana ankati mkamwini wa kuchigwa watsekera a Ngozo m'nyumba, akuwerengera abale awo nthawi ngati kundende. Ine ndikamva zimenezo ndinkathira nkhuni. Sizinapite patali. Lamlungu lina malume anauza Esinati kuti awakhazike panja anthu akuchokera kutchalitchi, ndipo anauza gulu lonse kuti lamulolo ndi lawo, amene ali ndi mawu abwere nawo kwa iwo, atelala awasiye. Munthu amene sanayamikirepo munda wa mnzake anaima pagulu kuteteza mkamwini. Ine sananditetezepo chotero, ngakhale tsiku lija la kusukulu.

Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti zinatheka. Malume anayamba kugona. Osati usiku uliwonse, masiku ena phewa linkawadzutsa, koma nkhope inabwerera, phala ankamaliza, zolimbitsa thupi ankachita akung'ung'udza nyimbo, zala za kumanzere zinayamba kugwira chitsononkho. Mvula isanagwe anafika kukhola ndi ndodo, n'kumugwira Bulaki pamphuno. Amene anali nawo tsiku limenelo, chapatali pang'ono monga mwa mwambo, mukumudziwa.

Chimene chinawakanika chinali masana. Munthu amene moyo wake wonse ankagona pansi pa ngolo dzuwa lili pamutu, kumuuza kuti akadya asatseke maso n'kumuzunza. Esinati anayesa wailesi, ankagona. Amvano anayesa nyimbo, ankagona msanga. Sitefano ndiye mawu ake okha ndi mankhwala ogonetsa. Tsiku lina ndikuwapukuta msana malume anati, osatembenuka, masana ndizibwera, tiyi ayi, nkhani zokha. Anati akufuna munthu wopanda ulemu.

Ndinakana masiku angapo, kenako ndinapita. Masana ndi nthawi imene malole amakweza kwambiri, ndipo anzanga ankanditenga wopusa, koma ndinkasiya thumba n'kukwera mtunda. Tinkakhala kuseri kwa khola, pansi pa mtengo wa mapichesi, iwo pachitsa, ine pamwala. Ntchito yanga inali kuwakwiyitsa. Mutu ukayamba kugwa ndinkati a Magombo agula ng'ombe zina, zonenepa, zomva bwino, maso nthawi yomweyo tseguu. Ndinkati Kaputeni ndi ng'ombe yaulesi kuyambira kale. Ndinkati ndalawa mpunga wa ku Kasinje, ndi wabwino. Ankandigenda ndi mapichesi osapsa, dala ndi dzanja lodwalalo, ndipo Esinati ankati nazonso n'zolimbitsa thupi. Tikatha kukangana ankandiuza za njira zakale za ngolo zimene tsopano analimapo, za ng'ombe zimene anali nazo ndisanabadwe, iliyonse ndi dzina lake ndi khalidwe lake. Dzuwa likapendeka ankandithamangitsa okha, kuti mtima uyambe kuzizira kusanade. Za usiku sanandiuzepo. Zimenezo zinali za pazenera.

Koma panali kanthu kankandidya. Tsiku lina ndinaona kope lili pamakina, lotsegula, ndipo pamzere wa masana panalembedwa ndi dzanja lokongola lija kuti Yosefe anabwera, sanagone. Tsamba lililonse chimodzimodzi, ngati dzina la piritsi. Ndinapita kwa malume n'kuwafunsa mosazungulira ngati anandiitana okha, kapena anali maganizo a telala. Anayendetsa kamwa yopotokayo.

"Ng'ombe sifunsa amene wasema goli, mphwanga. Imakoka."

Ndinati ine si ng'ombe. Anati n'zoona, ng'ombe imamva.

Yankho lina la funsolo sanandipatsenso. Sitiroko yachiwiri inawatenga chaka chatha, m'mawa, atangomaliza kuyankha mafunso a pazenera, ine ndikadali pamoto kutenthetsa madzi awo. Mawu awo omaliza anamva ndi Sitefano. Ndinamufunsa kuti anati chiyani, anati ananena kuti agona bwino. Funso langa lija ndingathe kumufunsa iyeyo, amadziwa, ndipo sanama. N'chifukwa chake sindimufunsa.

Anthu atabalalika Loweruka ndinapita kuseri kwa khola, kumene sindinapondeko chiikireni maliro. Ng'ombe zinagulitsidwa, khola lagwa mbali imodzi. Mtengo uja wabereka kwambiri chaka chino, nthambi mpaka kugunda pansi, wothyola palibe. Chitsa chilipo, chikadali chosalala pamene ankakhala, ndi kadzenje pambali pamene nsonga ya ndodo inkaboola akakwiya. Ndinkayembekeza kupeza masamba ndi chisoso mpaka m'mawondo, kuti ndikhale pamwala wanga ndekha, pamalo amene aliyense waiwala kupatula ine. Ndinapeza posesedwa. Tsache linazungulira chitsa, n'kuzunguliranso mwala wanga, mapichesi akugwa ataunjikidwa bwinobwino pambali. Esinati msana umamuvuta, sasesa kuseri kwa khola. Amene amasesa mukumudziwa. Ndinaima m'mphepete, osapondapo.